Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zamaphunziro: ana athu aphunzire za nthaka imene akupondapo

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kalata iyi kuchokera ku Dennistoun, dera la kum'mawa kwa mzinda wa Glasgow ku Scotland, kumene ndimakhala ndi banja langa. Ndine Mmalawi ndiponso kholo, ndipo pempho langa ndi limodzi. Mwana aliyense wa m'Malawi, asanachoke ku pulayimale, aphunzire momwe nthaka ya dziko lake inapangidwira, momwe imasunthira ndi momwe imaphera anthu. Aphunzire zimenezi m'chinenero chimene amamva, ndipo zitsanzo zichokere ku Karonga, ku Salima, ku Phalombe ndi ku Soche. Ndikupempha kuti mawu amenewa afikenso kwa akuluakulu a Malawi Institute of Education ku Domasi amene amakonza silabasi, ndi a MANEB amene amakonza mayeso, popeza chimene sichibwera pa mayeso mphunzitsi wotanganidwa amangochidumpha.

Ndiyambe ndi kuno. Kumadzulo kwa Glasgow, mu Victoria Park, muli malo otchedwa Fossil Grove. Mu 1887 anthu amene ankalambula njira pamalo pamene kale ankaswapo miyala anapeza zitsa za mitengo zosanduka mwala, mizu yake itayala pansi monga mmene inamerera. Zitsa 11 zilipo mpaka lero, ndipo anazimangira nyumba kuti mvula isaziwononge. Mitengoyo inamera zaka pafupifupi 330 miliyoni zapitazo m'madambo otentha, ndipo nkhalango za mtundu umenewo ndizo zinasanduka malasha amene analemeretsa mzinda uno. Mwana wochenjera akafika pamenepo amafunsa yekha: dziko lozizira chonchi, nkhalango ya kumalo otentha inamera bwanji? Yankho lake ndi lakuti Scotland sanali pano. Nthawi imeneyo anali pafupi ndi Equator, ndipo wakhala akusunthira kumpoto pang'onopang'ono. Chodabwitsa n'chakuti cha m'nyengo zomwezo kummwera kwa Africa kunali kufupi ndi South Pole, ndipo dera lalikulu linakutidwa ndi madzi oundana. Kuno kunkatentha, kwathu kukuzizira. Madzi oundanawo atasungunuka kwathu kunamera nkhalango zake, zimene lero tikukumba ngati malasha ku Mchenga m'boma la Rumphi.

Ndatchula zimenezi kuti muone kuti phunziro la zakale zosanduka miyala, la kusuntha kwa nthaka ndi la ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi phunziro limodzi. Pamwamba pa dziko si thanthwe limodzi lathunthu. Pali zibenthu zikuluzikulu za thanthwe zimene zanyamula makontinenti ndi nyanja, ndipo zimayenda masentimita ochepa pa chaka. Pena zimagundana n'kukweza mapiri, pena zimakhudzana m'mbali, pena zimasiyana n'kusiya chigwa pakati. Alfred Wegener wa ku Germany ananena mu 1912 kuti makontinenti amayenda, koma anzake ambiri anamutsutsa chifukwa sanathe kusonyeza chimene chimawakankha. Yankho lina lofunika linaperekedwa mumzinda uno. Mu Disembala 1927 Arthur Holmes anauza bungwe la Geological Society of Glasgow kuti kutentha kwa m'kati mwa dziko kumayendetsa miyala ya pansi mozungulira, yotentha ikukwera, yozizira ikumira, monga phala limachitira mumphika, kungoti mwapang'onopang'ono koposa. Zinatenga mpaka zaka za m'ma 1960 kuti umboni wochokera pansi pa nyanja zikuluzikulu utsimikize kuti nthaka imayendadi.

Tsono ife tili pati pa nkhaniyi? Tili pamng'alu penipeni. Africa akung'ambika kuchokera ku Ethiopia kutsika kudzera ku Kenya ndi Tanzania mpaka ku Mozambique, ndipo Malawi yense, kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje, wagona m'mbali mwa mng'alu umenewo. Munthu amene anatcha chigwachi dzina la Rift Valley, John Walter Gregory, anachiyendera ku Kenya mu 1893, ndipo kuyambira 1904 anali pulofesa wa za miyala pa yunivesite ya Glasgow. Nyanja ya Malawi ndi madzi amene anadzaza pamene nthaka inatitimira pakati pa ming'alu. N'chifukwa chake ndi yaitali, yopapatiza, ndipo kumpoto imazama mamita pafupifupi 700. Chitunda cha Chiweta chimene mabasi amakwera movutikira, msewu wokhotakhota wa ku Golomoti, kutsetsereka kwa pa Thabwa popita ku Chikwawa, zonsezi ndi makoma a chigwa chimenechi. Akasupe otentha a ku Chiweta ndi ku Nkhotakota ndi madzi a mvula amene amalowa pansi kwambiri, kutenthedwa, n'kubwerera pamwamba kudzera m'ming'alu yomweyo. Amayi amachapa zovala pa akasupewo tsiku ndi tsiku, ana akusewera pambali, osadziwa kuti aima pa umboni wa zimene anzawo a ku sekondale akuloweza m'buku.

Kung'ambikaku kwathu kumachitika mamilimita ochepa chabe pa chaka, koma thanthwe silisuntha mofatsa. Limakanirira kwa zaka zambiri, mphamvu ikuunjikana, kenaka n'kutsetsereka kamodzin'kamodzi. Chimenecho ndicho chivomerezi. Pa 10 Malichi 1989 chivomerezi cha ku Salima chinapha anthu 9 ndi kusiya anthu pafupifupi 50,000 opanda pogona. Mu Disembala 2009 Karonga inagwedezeka kwa milungu ingapo, chivomerezi chachikulu chinafika 6.0, anthu anayi anafa, ambiri anavulala ndipo nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'ambika. Mabanja anagona panja mvula ili mkati. Ming'alu imene inachita zimenezi ikadalipo, ndipo anthu okhala pamwamba pake achuluka kuposa kale.

Pa chivomerezi, chimene chimapha anthu kawirikawiri ndi khoma. Nyumba zathu zambiri ndi za njerwa zomangidwa ndi dothi, zopanda bimu yozungulira pamwamba, makoma ake osalumikizana bwino m'makona. Karonga itagwedezeka boma linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, koma malangizo okhala mu ofesi safika kwa mmisiri wa m'mudzi. Mmisiri ameneyo ndi mnyamata amene analekeza sukulu Sitandade 7 kapena 8. Akadamva m'kalasi chifukwa chake khoma lalitali lopanda chogwirizira limagwa nthaka ikagwedezeka, bwenzi akumanga mosiyana, ndipo mwini nyumba bwenzi akudziwa chofunsa.

Apa ndi pamene pagona dandaulo langa. Nkhani ya kusuntha kwa nthaka imapezeka mu jogalafe wa ku sekondale, m'Chingerezi, ndipo ambiri amaiphunzira kuti akhoze mayeso basi. Koma ana ochuluka a m'Malawi safika ku sekondale, ndipo mwa amene amafika si onse amatenga jogalafe pa MSCE. Choncho nzeru imene ikadateteza moyo wa anthu onse yasungidwira ochepa, pamene amene amamanga m'mphepete mwa phiri ndi m'mbali mwa mtsinje chifukwa chosowa malo ndi omwe aja sanaimve. Ndiponso mwana wa ku sekondale angathe kujambula phiri lophulika la ku Japan ndi kutchula mng'alu wa San Andreas ku California, koma osadziwa kuti kungowoloka Songwe kulowa mu Tanzania kuli mapiri ophulika a Rungwe, kapena kuti mudzi wake uli pamng'alu.

Ndifike pa mvula ndi mapiri, pamene pali bala lathu lalikulu. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza m'chigawo cha kummwera. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo. Ku Chilobwe matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche anthu ali m'nyumba. Ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe midzi inakwiririka. Masukulu anatsekedwa, ambiri anasanduka misasa ya anthu othawa. Tonse tinalira, ngakhale ife a kutali amene tinkangoyembekezera mauthenga a pa foni. Koma Freddy sanali woyamba. Mu Malichi 1991 phiri la Michesi linagumukira Phalombe n'kupha anthu mazanamazana. Mu Disembala 1946 phiri la Zomba nalo linagumuka. Makolo anati napolo wadutsa, oimba anaimba, ndipo malemu Steve Chimombo analemba ndakatulo zambiri za iye.

Timati tsoka silinunkha. Pa nkhani ya phiri ndikukana, pakuti phiri limachenjeza, ndipo chenjezo lake likhoza kuphunzitsidwa. M'mbali mwa phiri muli dothi ndi miyala yofumbutuka zimene zangokhala pamwamba pa thanthwe lolimba. Mvula ikagwa masiku angapo, madzi amadzaza dothilo, kulilemetsa, n'kufika pathanthwe pamene sangalowenso. Pamenepo dothi limaleka kugwira, ndipo mbali yonse ya phiri imatsetsereka, kulowa mumtsinje, n'kusanduka matope othamanga onyamula miyala yaikulu kuposa nyumba. Kudula mitengo kumawonjezera vutoli chifukwa mizu imathandiza kugwira dothi, komabe tinene zoona: mvula ikachuluka kwambiri, ngakhale phiri la mitengo limagumuka. Kubzala mitengo n'kofunika, koma pakokha sikukwana. Mwana ayenera kudziwa kuti miyala ikuluikulu yobalalika m'munda wa kwawo patsinde pa phiri sinamere pamenepo. Inatsika ndi matope nthawi ina, ndipo njira imene inadzera idakali yotsegula. Ayenera kudziwa kuti mtsinje ukaphwera mwadzidzidzi mvula ikugwabe, ndiye kuti kumtunda kwatsekeka ndipo chotsekacho chidzaphulika. Adziwe tanthauzo la ming'alu yatsopano m'nthaka, mitengo yopendekeka, madzi osanduka matope ndi mkokomo wochokera kuphiri. Adziwe kuti pothawa salondola mtsinje kutsikira kumunsi, amathawira cham'mbali, kupita pamalo okwera otalikirana ndi mtsinjewo.

Sindikupempha kuti mphunzitsi aziseka agogo amene amanena za napolo. Agogowo akusunga mbiri ya malo amene phiri linagumukapo, imene sinalembedwe m'buku lililonse. Pa chilumba cha Simeulue ku Indonesia, makolo ankasimbira ana za mafunde aakulu amene anabwera mu 1907, ndipo ankati nthaka ikagwedezeka nyanja n'kubwerera m'mbuyo, thawirani kumtunda. Tsunami ya pa 26 Disembala 2004 itafika, pachilumbapo panafa anthu owerengeka chabe, pamene m'madera ena a Aceh kufupi komweko anafa zikwi zambirimbiri. Tsiku lomwelo ku Phuket m'dziko la Thailand, mtsikana wa zaka 10 wa ku England, Tilly Smith, anazindikira zizindikiro za pa nyanja chifukwa cha phunziro la jogalafe limene anaphunzira milungu iwiri m'mbuyomo, ndipo anthu a pagombe limenelo anachoka madzi asanafike. Ena anapulumuka ndi mawu a makolo, ena ndi phunziro la m'kalasi. Ife tili ndi mwayi wophatikiza ziwirizi. Mphunzitsi wa ku Phalombe atume ana kukafunsa akuluakulu kumene napolo anadzera mu 1991, ajambule mapu a mudzi wawo, kenaka awafotokozere chimene chinachitika pansi pa nthaka.

Mwina mungafunse kuti mafupa akale akulowa bwanji m'nkhani ya kupulumutsa moyo. Ine ndikuti ndiwo khomo. Mwana sakopeka ndi mantha okhaokha, amakopeka ndi chodabwitsa, ndipo chodabwitsa tili nacho. M'zaka za m'ma 1920 Frank Dixey, katswiri wa za miyala wa boma la Nyasaland, anatola mafupa aakulu m'boma la Karonga, ndipo Sidney Haughton wa ku South Africa anawafotokoza mu 1928. Atakumbanso ku Mwakasyunguti m'zaka za m'ma 1980 ndi chiyambi cha m'ma 1990, akatswiri anaona kuti ndi mtundu wa dinosaur wapadera, ndipo mu 1993 anautcha Malawisaurus. Chinali chilombo cha khosi lalitali chodya masamba chimene chinayenda kwathu zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, nyanja yathu isanakhaleko. Mmodzi mwa amene anatcha dzinalo ndi mayi wa Chimalawi, Dr Elizabeth Gomani, amene pambuyo pake anafotokozanso kang'ona kakale kotchedwa Malawisuchus mu 1997 ndi dinosaur wina, Karongasaurus, mu 2005. Ndi atsikana angati a m'masukulu athu amene anamvapo dzina lake? Mu 1991, ku Uraha m'boma lomwelo, gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza chibwano cha munthu wakale cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, chimodzi mwa zotsalira zakale kwambiri za mtundu wa Homo. Mafupa onsewa akuonekera chifukwa kung'ambika kwa nthaka kunakweza miyala imene inakwiririka, mvula n'kuikokolola. Mphamvu imene inafukula Malawisaurus ndi yomweyo imene inagwetsa nyumba mu 2009. Mwana akamvetsa zimenezi sadzaiwalanso.

Cultural and Museum Centre Karonga inatsegulidwa mu Novembala 2004, ndipo chifaniziro cha mafupa onse a Malawisaurus chaima m'menemo. Koma mwana wa ku Nsanje kapena ku Mchinji sadzafika ku Karonga. Chithunzi cha chilombochi chiyenera kukhala m'buku la Sitandade 5 ndi pa khoma la kalasi iliyonse.

Ndikudziwa kuti makolo ena ndi aphunzitsi ena amaopa kuti zaka mamiliyoni zikutsutsana ndi chikhulupiriro chawo. Nkhawa imeneyi si yoinyoza, ndipo mphunzitsi ayenera kukonzekeretsedwa kuiyankha mofatsa. Awakumbutse za Henry Drummond, mlaliki wotchuka amene ankaphunzitsa sayansi pa koleji ya abusa ya Free Church kuno ku Glasgow. Iye anafika ku Nyanja ya Malawi mu 1883 ndipo anatola zotsalira za nsomba zosanduka mwala pafupi ndi Karonga. Anabwerera kudzapitiriza kulalikira, chikhulupiriro chake chili chilili. Kudziwa zaka za mwala sikuletsa munthu kupemphera, ndipo kupemphera sikuletsa kusamuka pamalo pamene phiri lidzagumukire.

Musaganize kuti ndikuti ku Scotland zonse zili bwino. Dziko lino ndilo kwawo kwa James Hutton, amene mu 1788 anasonyeza anzake miyala ya ku Siccar Point monga umboni wakuti dziko ndi lakale kwambiri. Komabe bungwe la mayeso la kuno linathetsa phunziro la za miyala pa mlingo wa Higher mu 2015, zina mwa mfundo zake n'kuzimwaza mu jogalafe ndi mu sayansi ya zachilengedwe. Aphunzitsi a phunzirolo anali atachepa, ophunzira nawo n'kuchepa, mpaka linafa. Akatswiri a kuno anadandaula kwambiri, ndipo ine ndikugwirizana nawo. Koma Scotland ali kutali ndi malire a zibenthu za nthaka, zivomerezi zake ndi zazing'ono, ndipo anamondwe onga Freddy safika kuno. Iwo akanyalanyaza phunziroli amataya akatswiri. Ife tikalinyalanyaza timataya anthu. Tisatengere chitsanzo chawo, ndipo tione bwino momwe phunziro limafera: limayamba ndi kusowa kwa aphunzitsi. Ndiye poyambira ndi m'makoleji ophunzitsa aphunzitsi.

Zimene ndikupempha sizifuna ndalama zambiri. Beseni, mchenga, dothi ndi chitini choboola pansi n'zokwanira kuonetsa kalasi yonse momwe mbali ya phiri imagumukira ikakhuta madzi. Njerwa zing'onozing'ono zosanjikizidwa pa thabwa zimaonetsa khoma limene limagwa msanga likagwedezeka. Akatswiri tili nawo: a Geological Survey Department ku Zomba, a University of Malawi, a Malawi University of Science and Technology ku Ndata m'boma la Thyolo, a DoDMA oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi a nthambi ya zanyengo amene amalengeza za namondwe pa wailesi. Chenjezo la pa wailesi limagwira ntchito pokhapokha womvera akudziwa chimene mvula ya masiku atatu imachita ku phiri lili kuseri kwa nyumba yake. Akhale pamodzi ndi a ku Domasi alembe timabuku ta Chichewa, Chitumbuka, Chiyawo, Chilomwe, Chisena ndi Chinkhonde, tolingana ndi dera: ku Karonga ndi ku Salima atsindike za chivomerezi, ku Mulanje, Phalombe, Zomba ndi Blantyre za kugumuka kwa mapiri, ku Chikwawa ndi Nsanje za kusefukira kwa Shire ndi Ruo. Ndikudziwa kuti lamulo limaika Chingerezi patsogolo m'kalasi, koma chenjezo la ngozi mwana ayenera kukalibwereza kwa amayi ake madzulo, ndipo sadzalibwereza m'Chingerezi. Sukulu iliyonse iziyeserera kuthawa kamodzi pa teremu, ana adziwe pobisala nthaka ikagwedezeka ndiponso kuti chivomerezi chachikulu chimatsatidwa ndi zina zimene zimagwetsa makoma ong'ambika kale.

Palinso phindu lina. Lero dziko lonse likukamba za migodi: Kayelekera ku Karonga, Kangankunde ku Balaka, Songwe Hill ku Phalombe, Kasiya ku Lilongwe. Anthu amene adzayeze miyala imeneyo, kuwerenga mapangano ake ndi kuyang'anira madzi a m'midzi yozungulira ali mu Sitandade 4 panopa. Tikapanda kuwadzutsa chidwi tsopano, tidzapitiriza kumva za chuma cha pansi pa nthaka yathu kuchokera kwa alendo. Mgwirizano wa Scotland ndi Malawi umene unasainidwa mu 2005 unalumikiza masukulu ambiri a maiko awiriwa, ndipo ife Amalawi a kuno tili okonzeka kugogoda pa zitseko za mayunivesite ndi nyumba zosungira zinthu zakale kuti athandize ndi zithunzi, mapu ndi maphunziro a aphunzitsi. Koma chiganizo choika phunziroli m'silabasi ya pulayimale ndi pa mayeso a Sitandade 8 ndi chanu.

Olemekezeka, ana amene anapulumuka ku Chilobwe ndi ku Phalombe mu 2023 abwerera m'kalasi, ndipo ambiri akukhalabe patsinde pa mapiri omwewo. Ndikukupemphani mulamule kuti ntchitoyi iyambe ndi masukulu a m'maboma amene Freddy anawononga pamodzi ndi a ku Karonga ndi Salima, dzinja likudzali lisanafike.

Ine wanu modzichepetsa,

Kholo la Chimalawi
Dennistoun, Glasgow